Fluoride m'madzi a pampopi: mkangano wa zaka 80 umene wagawa mizinda

(NYIMBO YOTSEGULIRA IKWERE, KENAKA ITSIKE)

WOULUTSA:

Lero tikukamba za madzi akumwa, koma osati za kolera kapena mijigo yowonongeka ayi. Nkhani yathu ndi ya mchere wina wotchedwa fluoride, umene m'maiko ena amauthira dala m'madzi a pampopi pofuna kuteteza mano a ana. Ndi nkhaninso ya anthu wamba, amayi, aphunzitsi, madokotala a mano ndi opuma pantchito, amene kwa zaka 80 akhala akukokanakokana pa mchere umenewu, ena akuti uthiridwe, ena akuti uchotsedwe.

Mu Meyi 2013 anthu a mumzinda wa Portland ku America anaponya voti n'kuukana. Mu Okutobala 2021 anthu a mumzinda wa Calgary ku Canada anaponya voti n'kunena kuti ubwerere m'madzi mwawo, patatha zaka 10 chiuchotsereni. Mbali zonse ziwiri zinkati zikumenyera moyo wa ana. Kuti timvetse pamene pagona kusiyana, tibwerere kaye m'mbuyo, kwa dokotala wina amene anadabwa ndi mano a odwala ake.

M'chaka cha 1901 Frederick McKay, mnyamata wongomaliza kumene maphunziro a udokotala wa mano, anakayamba ntchito ku Colorado Springs, kumadzulo kwa America. Wodwala akakhala pampando n'kuyasama, McKay ankaona zimene sanaziwerengepo m'mabuku ake. Mano anali ndi mawanga, ena oyera mbuu, ena achikasu, ena ofiirira moderapo, ndipo pa mano ena panali timaenje ting'onoting'ono. Mswachi sunkaphula kanthu, chifukwa mawangawo anali m'kati mwa chikuto cholimba cha dzino. Eni dera anali ndi mayankho awo: ena ankati n'kudya kwambiri nyama ya nkhumba, ena ankaloza chala mkaka. Mu 1909 McKay anaitana katswiri wotchuka wa mano, G. V. Black, kuti adzadzionere yekha. Apa n'kuti zitadziwika kuti ana pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse obadwira mumzindawo anali ndi mawanga amenewa. Koma awiriwa anaonanso china chodabwitsa: mano osaoneka bwinowo sankabooka chisawawa.

Amene anathandiza kuloza gwero la vutoli anali makolo. Mu 1923 McKay anapita ku Oakley, katauni ka m'chigawo cha Idaho, kumene makolo anali atagwira njakata. Iwo anamuuza kuti ana anayamba kumera mano a mawanga anthu atangokoka mapaipi kuchokera ku kasupe wa madzi ofunda wa kunja kwa tauni. McKay anayeza madziwo ndi zipangizo za nthawi imeneyo osapezamo kanthu, komabe anawalangiza kuti kasupeyo amusiye. Anthu anamvera, anasintha kotunga madzi, ndipo patapita zaka zingapo ana ang'onoang'ono anayamba kumera mano oyera bwino.

Chimene chinkachititsa chinadziwika mu 1931. H. V. Churchill, katswiri wa sayansi wa kampani ya ALCOA, anayeza madzi a ku Bauxite m'chigawo cha Arkansas, kumenenso ana anali ndi mano otere, n'kupezamo fluoride wochuluka zedi. Mchere umenewu umapezeka mwachilengedwe m'miyala, ndipo madzi akamayenda pansi pa nthaka amausungunula pang'onopang'ono.

Boma la America linapatsa dokotala wina wa mano, H. Trendley Dean, ntchito yofufuza bwinobwino. Iye ndi anzake anayeza madzi ndi kupima mano a ana zikwizikwi m'mizinda 21. Kumene madzi anali ndi fluoride pafupifupi miligalamu imodzi pa lita, mano ankabooka pang'ono ndipo mawanga oonekera anali osowa. Kumene mlingo unali wokwera kuposa apo, mawanga ankachuluka. Kumene fluoride kunalibe, mano anali oyera koma obookabooka. Mpaka lero mkangano wonse ukuzungulira pa funso la mlingo lomweli.

Kodi mcherewu umateteza bwanji dzino? M'kamwa mwa munthu aliyense muli tizilombo tosaoneka ndi maso. Mwana akamwa tiyi wa shuga wambiri kapena kunyambita switi, tizilombo tija timadya zotsalira n'kutulutsa asidi, ndipo asidiyo amasungunula chikuto cha dzino pang'onopang'ono. Malovu amayesetsa kubwezeretsa zimene zasungunukazo. Fluoride akakhalapo m'malovu, ngakhale wochepetsetsa, kubwezeretsako kumachitika msanga, ndipo pamalo pokonzedwapo pamalimba kuposa kale. Poyamba akatswiri ankaganiza kuti phindu lalikulu limabwera mwana akameza fluoride mano asanamere. Masiku ano amavomereza kuti phindu lalikulu limabwera pamene fluoride akukhudza dzino m'kamwa momwemo. Mfundo imeneyi otsutsa anailandira ndi manja awiri, monga mumve posachedwa.

Pa 25 Januwale 1945 mzinda wa Grand Rapids m'chigawo cha Michigan unakhala woyamba padziko lonse kuthira fluoride m'madzi a pampopi. Mzinda woyandikana nawo wa Muskegon unasiyidwa osathira kuti pakhale pofanizira. Madokotala ankapima mano a ana asukulu pafupifupi 30,000 chaka ndi chaka. Patatha zaka 11, kubooka kwa mano mwa ana obadwa ntchitoyi itayamba kunali kutatsika ndi maperesenti oposa 60. Koma akuluakulu sanadikire zaka zonsezo. Mu 1950 nthambi ya zaumoyo ya boma inavomereza kuti mizinda ina itengere chitsanzo, ndipo mu 1951 Muskegon nayo inayamba kuthira kafukufuku asanathe. Otsutsa mpaka lero amati boma linadya mfulumira.

Changucho chinali ndi chifukwa chake. Nthawi imeneyo kunalibe mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride. Anayamba kupezeka m'masitolo chapakati pa zaka za m'ma 1950. Mano owola anali paliponse, moti pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anyamata ambiri ankabwezedwa pofuna kulowa usilikali chifukwa chosowa mano okwanira.

(NYIMBO YAIFUPI)

Mkangano woyamba waukulu wa anthu wamba unabuka mu 1950 ku Stevens Point, tauni ya m'chigawo cha Wisconsin. Magulu a amayi ankafuna fluoride. Bambo wina wachikulire, Alexander Wallace, ankakana kwamtuwagalu, ati ndi poizoni. Akuluakulu a tauni anayamba kuthira mwakachetechete, osalengeza. Zitaululika anthu anapsa mtima, ndipo pa voti ya mu Sepitembala chaka chomwecho fluoride anagonja. Kubisira anthu nkhani ya madzi amene amamwa tsiku ndi tsiku kunali kulakwitsa kwakukulu, ndipo kulakwitsa komweku kwabwerezedwa m'mizinda ingapo kuchokera nthawi imeneyo.

M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, America ili pa udani ndi Soviet Union, magulu ena monga John Birch Society anafalitsa zoti fluoride ndi chiwembu cha achikomyunizimu chofuna kufooketsa mtundu wa America. Umboni panalibe ndi umodzi womwe. Mphekesera imeneyi inawononga zambiri, ndipo amene inawapweteka kwambiri ndi anthu a mafunso enieni. Kwa zaka makumi angapo, mayi wofunsa mwaulemu kuti mwana wake akumwa fluoride wochuluka bwanji ankaikidwa m'gulu limodzi ndi a mphekesera, n'kusekedwa. Ambiri osekedwawo sanakhale chete. Anakafuna anzawo n'kupanga magulu.

Ofuna fluoride, mfundo yawo yaikulu ndi ya mwana wosauka. Dokotala wa mano ku America ndi wodula, ndipo mabanja ambiri alibe inshulansi ya mano. Mwana wa m'banja lopeza bwino ali ndi mswachi, mankhwala otsukira ndi dokotala womuona kawiri pachaka. Mwana wa m'banja losauka kawirikawiri ali ndi mpopi basi. Madzi amafika kwa onse popanda kulembetsa kapena kuima pamzere, ndipo mtengo wake pa munthu mmodzi pachaka ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kumata dzino limodzi lobooka. N'chifukwa chake mu 1999 bungwe la boma loona za matenda la CDC linaika ntchitoyi pa mndandanda wa zinthu 10 zikuluzikulu zimene zinatukula umoyo wa anthu ku America m'zaka za m'ma 1900. Amalawi sangadabwe ndi ganizo lotere, chifukwa mchere wa m'sitolo kuno uli ndi ayodini woteteza ku matenda a chithokomiro, ndipo shuga amaikamo vitamini A.

Otsutsa amayankha kuti klorini amathiridwa kuti aphe tizilombo ta m'madzi, pamene fluoride amathiridwa kuti agwire ntchito m'thupi la wakumwayo. Ndiye ndi mankhwala, iwo amatero, ndipo mankhwala sapatsidwa kwa munthu osamufunsa. Amafunsanso za mlingo. Khonsolo ingathe kuyeza fluoride mu lita imodzi, koma singayeze kuti munthu amwa malita angati. Wogwira ntchito padzuwa amamwa ambiri. Wodwala impso thupi lake silichotsa fluoride msanga. Khanda lakumwa mkaka wa m'chitini wosungunulira madzi a pampopi limalandira wochuluka poyerekeza ndi kukula kwa thupi lake. Nanga ngati phindu limabwera pokhudza dzino, kumeza n'kwa chiyani pamene mswachi ulipo? Amalozanso maiko ambiri a ku Ulaya amene sathira fluoride m'madzi koma kuwola kwa mano a ana kwakhala kukutsikabe. Ku Germany ndi ku Switzerland fluoride amaikidwa mumchere wa m'sitolo, ndipo wogula amasankha yekha paketi imene akufuna.

Ku Ireland, kumene lamulo la 1960 linalamula kuti fluoride azithiridwa, mayi wina wa ana asanu, Gladys Ryan, anatengera boma kukhoti mu 1963 ponena kuti likuphwanya ufulu wake ndi wa ana ake pa matupi awo. Mlandu unatenga masiku 65. Mayiyo anagonja, koma khoti linavomereza kuti ufulu wa munthu pa thupi lake ulimodi m'malamulo a dzikolo, ndipo ophunzira malamulo ku Ireland amawerenga chigamulocho mpaka lero.

(NYIMBO YAIFUPI)

Tiyeni tsopano ku Portland, mzinda waukulu wa m'chigawo cha Oregon. Anthu a kumeneko amanyadira madzi awo, ochokera m'nkhalango yotetezedwa ya Bull Run, ndipo anali atakana kale fluoride mu 1956, mu 1962 ndi mu 1980. Mu 2012 mabungwe a zaumoyo anaganiza zodzera njira ina. M'malo mopita kwa ovota, anapita kwa makhansala n'kumakumana nawo mwakachetechete. Anthu ambiri anamva nkhaniyi koyamba nyuzipepala ya The Oregonian itaiulula. Pa 12 Sepitembala makhansala onse asanu, kuphatikizapo meya Sam Adams, anavomereza kuti fluoride ayambe kuthiridwa. M'chipinda cha msonkhano munali phokoso lokhalokha, moti ena anatulutsidwa.

Malamulo amapatsa nzika za mzindawo masiku 30 osonkhanitsa masiginecha ngati zikufuna kuti chigamulo cha khonsolo chikaponyeredwe voti. Pankafunika masiginecha pafupifupi 20,000. Gulu lotchedwa Clean Water Portland linamwaza anthu m'misika, m'mphambano za misewu ndi pakhomo pa masitolo, aliyense mapepala ndi cholembera m'manja, kuimitsa odutsa mmodzimmodzi, kufotokoza, kupempha dzina ndi adiresi. Masiku 30 aja asanathe anakatula masiginecha oposa 40,000.

M'miyezi yotsatira mzinda unagawikana. Pa kapinga wa kutsogolo kwa nyumba panazikidwa zikwangwani, nyumba iyi ikuti inde, yoyandikana nayo ikuti ayi. Mbali yofuna fluoride, gulu la Healthy Kids, Healthy Portland, inali ndi madokotala, zipatala, mabungwe ambiri oimira anthu osauka ndi obwera, komanso ndalama zochuluka pafupifupi katatu kuposa za anzawo. Otsutsa anali osakanikirana modabwitsa: oteteza chilengedwe odera nkhawa nsomba za m'mitsinje, makolo a ana ang'onoang'ono, anthu odana ndi zoti boma lizilowerera pa moyo wa munthu, komanso nthambi ya mumzindamo ya NAACP, bungwe lakale lomenyera ufulu wa anthu akuda. Pa 21 Meyi 2013 ovota pafupifupi 60 mwa 100 aliwonse anati ayi.

Ndalama ndi maudindo sizinaphule kanthu. A zaumoyo anali ndi umboni wochuluka kumbali yawo, koma anthu anasiya kuwakhulupirira pamene anaona kuti afuna kulambalala ovota. Za ku Stevens Point zaka 62 m'mbuyomo sanatolepo phunziro. Komabe kupambana kwa otsutsa sikunamate dzino la mwana ndi mmodzi yemwe. Funso la mwana wosauka linatsala pomwepo, lopanda woliyankha mokwanira.

Ku Calgary zinthu zinayenda motembenuka. Anthu anakana fluoride kanayi pakati pa 1957 ndi 1971, anamuvomera mu 1989, ndipo anayamba kuthiridwa mu 1991. Mu 1998 anavotanso kuti apitirire. Koma mu Febuluwale 2011 makhansala 10 anavota kuti achotsedwe, atatu okha ndiwo anakana, ndipo nzika sizinapatsidwe voti. Chimodzi mwa zifukwa chinali ndalama: makina anali atakalamba ndipo kuwakonza kunkafuna madola mamiliyoni angapo.

Makilomita pafupifupi 300 kumpoto kwa Calgary kuli mzinda wa Edmonton, wa m'chigawo chomwecho cha Alberta, umene wakhala ukuthira fluoride kuyambira 1967. Ofufuza anapeza pofanizira. Lindsay McLaren wa ku University of Calgary ndi anzake anayamba kupima mano a ana a sitandade 2 m'mizinda iwiriyi. Pa kupima kwa 2018 ndi 2019, ana pafupifupi 65 mwa 100 aliwonse ku Calgary anali ndi mano oyamba owola, pamene ku Edmonton anali 55. Ena anatsutsa kayendetsedwe ka kafukufukuyu, ndipo n'zoona kuti mano amawola pa zifukwa zambiri. Koma a pachipatala cha ana mumzindamo ankanenanso zofanana. Mu 2019 makhansala anauzidwa kuti ana ofunika mankhwala a m'diripi chifukwa cha mafinya a dzino achuluka kwambiri chichotsereni fluoride.

Amene analerapo mwana wodwala dzino akudziwa mmene zimakhalira. Mwana sagona, satafuna, kusukulu sapita, tsaya litatupa. Wa zaka zinayi sangakhale phee pampando wa dokotala, choncho amayenera kugonekedwa tulo m'chipinda cha opaleshoni kuti azulidwe mano angapo nthawi imodzi, mayi ake akudikira panja mtima uli m'mwamba.

Apa ndi pamene anthu wamba a mbali yofuna fluoride anadzuka. Gulu la Calgarians for Kids' Health, lotsogozedwa ndi Juliet Guichon, mphunzitsi wa pa yunivesite yomweyo, linkapita ku misonkhano ya khonsolo, kulemba m'manyuzipepala ndi kuonetsetsa kuti nkhaniyi ikukambidwa pa nthawi ya zisankho. Pa 18 Okutobala 2021 funso linaikidwa pa pepala lovotera, ndipo ovota pafupifupi 62 mwa 100 aliwonse anati fluoride abwerere. Kumanga makina atsopano kunadya madola a ku Canada pafupifupi 28 miliyoni, ndipo fluoride anabwerera m'mipopi pa 30 Juni 2025. Ana obadwa mu 2011 n'kuti ali ndi zaka 14, mano awo achikulire atamera kale.

(NYIMBO YAIFUPI)

Pamene mizinda ikuvota, asayansi nawo sanagone. Mu 2015 boma la America linaika mlingo wothira pa mamiligalamu 0.7 pa lita, kutsitsa kuchoka pa wakale umene unkafika 1.2, chifukwa ana ambiri ankaoneka ndi timawanga toyera pa mano. Masiku ano mwana amapeza fluoride m'madzi ndi m'mankhwala otsukira mano momwe. Mu Ogasiti 2024 nthambi ya boma yofufuza za poizoni, National Toxicology Program, inatulutsa lipoti limene linagwedeza anthu. Inati pali umboni wokhulupirika ndithu, ngakhale si wotheratu, wakuti ana okulira pa madzi a fluoride woposa mamiligalamu 1.5 pa lita amapeza malikisi otsikirapo pa mayeso oyeza nzeru. Mlingo umenewu ndi woposa kawiri umene mizinda imathira, ndipo kafukufuku wambiri anachokera kumadera a fluoride wachilengedwe ku China, India ndi kwina. Pa mlingo wa 0.7 lipotilo linati umboni ndi wosakwanira kugamula chilichonse. Pa intaneti gawo loyamba la uthengawu linawanda msanga, lachiwiri n'kutsalira m'mbuyo.

Mwezi wotsatira woweruza Edward Chen wa ku San Francisco anagamula mlandu umene magulu monga Food & Water Watch ndi Fluoride Action Network anasumira bungwe la boma loteteza chilengedwe la EPA. Iye ananena poyera kuti sakutsimikiza zoti madzi othira fluoride akuvulaza anthu, koma kuti mlingo wothiridwa wayandikana kwambiri ndi mlingo wokayikitsa, choncho bungwelo liyenera kuchitapo kanthu. Boma linachita apilo. Mu Okutobala 2024 gulu la akatswiri la Cochrane, lodziwika pounika kafukufuku mosakondera, linapeza kuti phindu la fluoride wa m'madzi likuoneka lochepa kwambiri poyerekeza ndi kale, popeza mankhwala otsukira mano ali ponseponse. M'kafukufuku wa pambuyo pa 1975 kusiyana kunali pafupifupi kotala ya dzino limodzi pa mwana.

Wonena kuti zatsimikizika zoti fluoride pa mlingo wa 0.7 akuwononga ubongo wa ana akunena zoposa umboni umene ulipo. Wonenanso kuti fluoride wa m'madzi akuchepetsabe kubooka kwa mano ndi maperesenti 60 monga ku Grand Rapids akugwiritsa ntchito manambala akale. Anthu opita kukavota ayenera kumva zonse ziwiri, ndipo magulu a mbali zonse akhala akulephera pamenepa.

Mu 2025 nkhani inayamba kuchoka m'manja mwa mizinda. Robert F. Kennedy Jr., wodziwika potsutsa fluoride, anakhala nduna ya zaumoyo ku America. Mu Malichi bwanamkubwa wa Utah, Spencer Cox, anasaina lamulo loletsa kuthira fluoride m'chigawo chonse, loyamba la mtundu wake m'dzikolo, ndipo mu Meyi Ron DeSantis wa ku Florida anachita chimodzimodzi. Ku Utah lamuloli linafafaniza chisankho cha anthu a m'maboma a Salt Lake ndi Davis, amene anavotera fluoride mu 2000. Dandaulo limene otsutsa anali nalo ku Portland, loti sanafunsidwe, tsopano ali nalo ndi a mbali inayo, ndipo ndi lomveka chimodzimodzi.

(NYIMBO YAIFUPI)

Omvera ena angafunse kuti nkhani ya kutali chotere ikutikhudza bwanji kuno. M'chigwa chachikulu cha Rift Valley, chimene chimadutsa ku Ethiopia, Kenya ndi Tanzania mpaka kuno ku Malawi, vuto limene lilipo ndi la ana a ku Oakley aja: fluoride wachilengedwe wochuluka m'madzi a pansi pa nthaka. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita. Ofufuza a ku University of Malawi anapeza mijigo yopitirira mlingo umenewu ku Nathenje m'boma la Lilongwe, ndipo kafukufuku wina wapeza zofanana m'madera ena a Machinga, Chikwawa ndi Nsanje. Madzi a akasupe otentha ndiwo amakonda kukhala ndi wochuluka kwambiri.

Ana a m'madera otere amamera mano ofiirira, ndipo ena amaseka atatseka pakamwa ndi dzanja. Anzawo amawanena kuti satsuka m'kamwa, pamene vuto lili mumjigo. Mlingo ukakwera kwambiri kwa zaka zambiri, fluoride amalowa m'mafupa: msana umauma, molumikizira mafupa mumawawa, ndipo miyendo ya ana ingathe kupindika. Lipoti la 2024 lija, lonena za mlingo woposa 1.5, likukhudza midzi yotereyi kuposa mmene likukhudzira Portland kapena Calgary.

Fluoride alibe fungo, alibe mtundu, ndipo pa lilime samveka. Kuwiritsa madzi sikumuchotsa. Madzi amachepa, iye n'kutsalira momwemo. Klorini nayenso samuchotsa. Njira yodziwira ndi kuyeza basi. Koma zochita zilipo. Ku Nakuru m'dziko la Kenya, dayosizi ya Katolika yakhala ikupanga zosefera za mafupa a ng'ombe owotchedwa, amene amagwira fluoride madzi akamadutsa. Madzi a mvula okololedwa mwaukhondo ali ndi fluoride wochepa kwambiri. Ndipo popeza mawanga amalowa m'dzino pamene likupangika m'kati mwa nkhama, mwana asanakwanitse zaka 8, ofunika kutetezedwa poyamba ndi makanda ndi ana ang'onoang'ono.

Choncho inu a komiti ya mjigo, inu mafumu ndi aphunzitsi, ngati ana ambiri m'mudzi mwanu akumera mano ofiirira, lembani mijigo ndi zitsime zimene anawo amamwa. Pitani kwa mlangizi wa zaumoyo ndi ku ofesi ya zamadzi ya m'boma lanu, mukapemphe kuti madzi ayezedwe fluoride, ndipo zotsatira zake zidzawerengedwe pa msonkhano wa mudzi wonse kuti aliyense adzimvere yekha. Mjigo ukapezeka ndi wochuluka, madzi ake angagwirebe ntchito yochapira ndi kusamba, koma akumwa ndi ophikira phala la ana atungidwe kwina kumene kwayezedwa. Kwa makolo nonse, mwana wa zaka zitatu kupita m'tsogolo azitsuka mano kawiri patsiku ndi mankhwala ochepa, okula ngati kambewu ka nandolo, ndipo azilavula osameza.



(NYIMBO YOTSEKERA)